Makope Atatu Pansi pa Mtsamiro

Lolemba, 7 Juni 1954

Andigoneka m'chipatala cha mishoni nthawi ya 11 koloko m'mawa. Kutentha kwa thupi 101.2. Kulemera mapaundi 118. Pa Khirisimasi ndinali 131. Ndakhosomola masabata asanu ndi limodzi.

Sanandilowetse m'wodi ya achifuwa. Andiika pakhonde pake, pamene amagoneka anthu oyembekeza mayeso. Mabedi alipo anayi. A Willard, othandiza adokotala, andipatsa kachitini kolavuliramo ndipo akuti makhololo adzayezedwa katatu. Akapezeka abwino ndibwerera kusukulu kwanga ku Utale. Akapezeka ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu ndilowa mkati, ndipo olowa mkati amakhala miyezi.

Ndayamba kope ili chifukwa ndikapanda kulemba zimene ndauzidwa ndimayamba kuzikayikira. M'sutikesi muli malaya awiri, lumo, korona, botolo la inki yofiira, ndi makope atatu amene si anga.

Lachiwiri, 8 Juni

100.8 m'mawa, 101.6 madzulo. Makhololo oyamba atengedwa.

Makope atatuwo ndi buku la nkhani yopeka, lolembedwa pamanja, masamba 128. Komiti ya mabuku ya mishoni yathu ku Limbe inanditumizira mwezi watha kuti ndiliwerenge ndi kunena ngati n'loyenera kusindikizidwa. Pa zaka khumi ndi zinayi zimene ndaphunzitsa, n'koyamba kundisankha. Makopewo pamodzi ndi lipoti langa ziyenera kufika kumeneko pasanadutse Lolemba, 5 Julayi. M'kalata yawo anajambula mzere pansi pa mawu awa: wolemba alibe kope lina, musamale.

Masana ndaona utsi kuseri kwa wodi. A Willard amatentha zinthu mumgolo: mphasa, makalata, kabuku ka nyimbo. Ndawafunsa.

“Ndi za bambo amene anatisiya dzulo aja,” iwo anatero. “Mabulangete timawiritsa, mbale timawiritsa. Nanga pepala mungaliwiritse, aphunzitsi? Pepala lolowa mkati silitulukanso. Mwini wake akachira kapena akamwalira, limabwera kuno.”

“Nanga la pakhonde pano?”

“Limadikira mwini wake. Mukapezeka abwino timaliyanika padzuwa masiku awiri, mumapita nalo. Koma mayeso asanathe palibe chotuluka, ngakhale kalata.”

Alendo amaima kuseri kwa mzere wa miyala yopaka laimu, mapazi khumi kuchokera pakhonde.

Ndaika makope pansi pa mtsamiro. Chakudya chandikanika.

Lachitatu, 9 Juni

100.4. Thukuta lambiri. Phala ndi dzira limodzi.

Ndamaliza kuwerenga kachiwiri, ndipo kachiwirinso sindinalikonde. Dzina lake ndi Dalesi wa Padoko. Mkazi wina, Dalesi, atopa ndi mwamuna wake, athawira ku Nyanja ya Chiuta, ayamba kuwamba nsomba. Basi. Ku koleji anatiphunzitsa kuti buku labwino limamusiya wowerenga ali munthu wabwinoko. Ili silimusiya paliponse. Mulibe mwambi ngakhale umodzi. Anthu ake amatukwanana, Chinyanja chasakanizika ndi Chiyao, ndipo pali chiganizo china choyenda masamba awiri popanda mpumiro. Masamba khumi ndi limodzi akungonena za kuwamba matemba mvula ikubwera. Mkazi wosiya banja salangidwa, salapa.

Pali zinthu ziwiri zimene sindinauze munthu.

Choyamba: komiti imachotsa dzina la wolemba, koma dzanja ndalizindikira pa mzere woyamba. Ndi la Bizwick, mchimwene wa mkazi wanga Modester. Amayi ake ndi mlongo wa bambo anga, tsono ndi msuweni wanga komanso mlamu wanga. Anasiyira sukulu Sitandade 4, nakagulitsa nsomba panjinga zaka zitatu. Pano amalemba mabelo a thonje okwera sitima pa siteshoni ya Balaka. Ndinayenera kubweza makopewo tsiku lomwelo ndi kunena kuti wolemba ndi mbale wanga. Sindinabweze. Ndinaopa kuti sadzandisankhanso.

Chachiwiri: komiti inaletsa kulemba m'makopemo. Koma dzanja la mphunzitsi silimva. Ndachonga ndi inki yofiira malo 312.

Lachinayi, 10 Juni

101.0. Adokotala, amene amabwera Lachinayi lokha, amvetsera pachifuwa nthawi yaitali kumanja. Akuti kagalasi koyamba koyezerapo makhololo sikakuonetsa bwino. Tidikira Lachinayi lamawa.

Kumanzere kwanga kuli Che Uladi, msodzi wa ku Chiuta, Msilamu, wamkulu ndithu, woonda kuposa ine. Kumanja kuli a Elliam, amene anamenya nawo nkhondo ku Burma ndipo salola kuti tiiwale. Pabedi lachinayi pali bambo wa ku Kalembo wosalankhula.

Che Uladi anandiyang'ana ndikuchonga, kenaka anati, “Aphunzitsi, pepala limenelo lakulakwirani chiyani? Mukulibaya ngati mlamba.”

Ndinati ndi buku loipa.

“Tatiwerengerani timve kuipa kwake. Pano tilibe kopita.”

Ndinasankha dala masamba a matemba aja kuti atope msanga. Ndili pakati anakweza dzanja.

“Imani! Bwerezani pamene akusolola nkhuni yaiwisi. Eya! Chambone, zabwino zedi. Wolemba uyu anatsamwapo utsi wa nsomba. Ameneyu si wa m'kalasi iyayi.”

Ndinawafunsa kuti aphunzirapo chiyani pa masamba onsewo.

“Phunziro lanji? Mvula ikubwera, nsomba zili pathandala. Zapulumuka kapena iyayi? Werengani, bambo!”

Loweruka, 12 Juni

100.2 ndi 101.4. Makhololo achiwiri dzulo, achitatu lero. Mapaundi 117.

Andiumiriza kuyambira pachiyambi. Tsopano ndimawerenga masana alionse, ndipo a mkati mwa wodi amasendeza mitu kumawindo. Tafika tsamba 47. Amaseka pamene ine ndinachonga kuti “mawu osayenera”. A Elliam okha ndi amene ali mbali yanga, koma pa chifukwa china.

“Masamba onsewa palibe wafa? Popanda mfuti, popanda mkango? Buku lanji limeneli?”

Sindikudziwa ngati ndikondwe kukhala ndi mnzanga wotere.

Che Uladi akuti Dalesi amamudziwa, anali ndi mpata m'mano. Ndawauza kuti ndi munthu wopeka. Iwo akana m'Chiyao, “Ngwamba. Anandimanapo moto.”

Lamulungu, 13 Juni

99.8 m'mawa. Modester wabwera ndi mbatata yootcha ndi mazira anayi. Mwana wathu Lilian wamusiya ndi mng'ono wake Nelia. Wabwera ndi Bizwick, atavala chipewa chake cha panjanji.

Ine ndi Bizwick sitinalankhulanepo mawu oongoka chibadwire. Chisuweni n'chotero, ndipo ukwati unangowonjezera. Ataima pamiyala paja anafuula kuti khonde lonse limve:

“Alamu! Mwaonda ngati bango. Mlongo wangayu ndimutenge lero, kapena ndidikire maliro?”

“Dikirani maliro,” ndinayankha, “mudzapate nsapato zanga. Mapazi anuwo sanaonepo zabwino.”

Anaseka mpaka kugwira mawondo. Kenaka anati, “Paja buku langa lija akuti lili m'manja mwa munthu wina wophunzira kwambiri. Ndimamupempherera tsiku ndi tsiku kuti asakhale wouma mutu ngati inu.”

Mutu wanga unali pamwamba penipeni pa makope ake.

“Nanga akadzati ndi loipa?” ndinafunsa.

“Ndiye kuti ndi inuyo!” Anasekanso. “Zaka zinayi, alamu. Ndalemba pa mabelo a thonje, sitima ikachedwa. Likatayika limenelo sindingalibwereze, ngakhale mutandimanga.”

Madzulo 102.0.

Lachiwiri, 15 Juni

101.8. Wofooka. Ndawerenga masamba asanu okha.

Funso likundivuta: kodi ndikudana ndi buku, kapena ndikudana n'zoti wa Sitandade 4 walemba buku pamene ine wa ku koleji ndimangochonga? Ndatenga ndime imodzi, ndaiwerenga ngati yolemba mlendo. Sindinaikondebe. Koma mayeso amenewo woyesa ndi ine ndemwe.

Lachinayi, 17 Juni

Kagalasi kachiwiri ndi kachitatu kali ndi tizilombo. Phapo lakumanja, kumtunda.

Mankhwala: jakisoni wa sitireputomaisini, galamu imodzi, Lolemba ndi Lachinayi. Ufa wowawa wa PAS kanayi pa tsiku. Mafuta a nsomba supuni imodzi. Kugona, osayendayenda, osalankhula kwambiri. Miyezi isanu ndi umodzi, mwina kuposa.

Che Uladi ndi a Elliam nawonso apezeka nato. Bambo wa ku Kalembo ali bwino. Baibulo lake laikidwa padzuwa.

A Sisitere oyang'anira wodi anabwera kudzalemba katundu wolowa nafe mkati.

“Makope atatu awa?”

“Si anga, a Sisitere. Ayenera kupita ku Limbe.”

“Tsopano ndi a wodi.”

Ndinapempha kuti awayanike sabata yathunthu. Ndinapempha kuti awasite ndi simbi yamoto, tsamba ndi tsamba. Anandimvetsera mpaka ndinatha.

“Mwawakhosomolera masiku khumi, aphunzitsi, ndiponso kunyumba. Chaka chatha ndinaika m'manda mayi amene ankatichapira zovala. Sindiyesanso.”

Aletsanso kuwerengera wodi. Tinali pa tsamba 88.

Lachisanu, 18 Juni

101.2. PAS wandisokoneza m'mimba. M'makutu mukulira pang'ono.

Ndilembe zoona, poti kope ilinso lidzapsa. A Sisitere atanena kuti makope ndi a wodi, mtima wanga unapepuka. Akapsa, inki yofiira ipsa nawo. Lipoti silifunikanso. Komiti sidzadziwa za chibale, Bizwick sadzadziwa zimene ndikuganiza, ndipo palibe angadzudzule munthu wodwala.

Ndanena korona yonse. Kupepukako sikunachoke.

Loweruka, 19 Juni

100.6. Mapaundi 116.

Bedi langa lili pawindo loyang'ana kumiyala. Modester wabwera ndi mtedza ndi nthochi. Ndamuuza zonse: komiti, dzanja la mchimwene wake, mgolo. Za inki yofiira ndi za dzulo sindinanene.

Anayang'ana uku ndi uku. “Ponyani kuno. Ndibisa m'nsalu.”

“Nsalu yomweyo mukaberekera Lilian.”

Kenaka anati, “Ndiye mukufuna lipse, bambo a Lilian?”

Ndinatsegula pakamwa, chifuwa chinanditsogolera.

“Mwachedwa kuyankha,” anatero. Anayang'ana miyala ija nthawi yaitali. “A Sisitere aletsa pepala. Mawu aletsa? Mawu amalumpha miyala. Inu muziwerenga pawindopo, ine ndizilemba kuno.”

Ndinati dzanja lake n'lochedwa, masiku atsala khumi ndi atatu, sitima yomaliza ndi ya Loweruka pa 3 Julayi.

“Ndiye tisataye lero ndi kuwerenga masiku.”

Wapita yekha kwa a Sisitere. Alola ola limodzi ndi theka m'mawa, chimodzimodzinso masana, malinga kutentha kusapitirire 101. Modester azigona kumene amagona odikirira odwala. A Elliam anadzipereka kundithandiza kuwerenga, koma atayang'ana dzanja la Bizwick ndi zofiira zanga pamwamba pake anabweza. “Awa ndi mapu a nkhondo,” anatero.

Lolemba, 21 Juni

100.1. Jakisoni wachiwiri.

Tayamba. Modester wakhala pamtondo wogubuduza, bolodi pamwendo, makope atsopano atatu. Ndiyenera kukweza mawu kuti amve, ndi kubwereza chiganizo chilichonse kawiri. Masamba 14.

Kuwerenga buku losalikonda pang'onopang'ono chonchi kuli ngati kutafuna mchenga ndi mano onse.

Lachitatu, 23 Juni

100.4. Dzulo tinafika 29. Lero zavuta, ndipo wolakwa ndine.

Kuyambira Lolemba ndakhala ndikukonza powerenga. Pang'ono chabe: kuika mpumiro, kuchotsa liwu lotukwana, kusintha la Chiyao. Ndinadziuza kuti ndikumuthandiza. Lero tinafika pamene ankhoswe abwera padoko kudzatenga Dalesi. Bizwick analemba kuti Dalesi sanadzuke n'komwe, anati, “Ngwamba! Kamuuzeni aphike yekha, manja ali nawo.” Ine ndinawerenga kuti, “Dalesi anagwada nati, Pepani, sindingathe kubwerera.”

“Bodza!”

Anali Che Uladi. Ndinkayesa ali m'tulo.

“Sanagwade ameneyo! Tsiku lija munati manja ali nawo. Mwamugwaditsa ndinu, aphunzitsi. Munthu wa eni ake!”

Wodi yonse inayamba kung'ung'udza. Modester anaika cholembera pansi.

“Mwasintha malo angati?”

Ndinkadziwa, poti ndinkawerenga. “Khumi ndi asanu ndi awiri.”

“Dzanja langa latupa chifukwa cha buku la achimwene, osati lanu. Bwererani.”

Tabwerera malo onsewo, mmodzimmodzi, iye akufufuta. Tataya theka la tsiku. Tsamba 36. Che Uladi akuti kuyambira lero azigona khutu limodzi lili panja.

Lachisanu, 25 Juni

Dzulo 51. Lero pa tsamba 58 magazi, ngati masupuni aang'ono awiri, ofiira kwambiri. A Sisitere atseka windo. Osalankhula mpaka Lamulungu masana. 101.9.

Atsala 70.

Loweruka, 26 Juni

Chete. 101.1. Modester wakhala pamtondo paja tsiku lonse ngakhale palibe cholemba.

Lamulungu, 27 Juni

100.3. Magazi sanabwerenso. Alola ola limodzi.

Bizwick wabwera. Modester anamuuza panjira kumene kuli buku lake. Nkhope inali yotuwa, koma pakamwa panali pomwe paja.

“Alamu, munaba mlongo wanga ndinakhala chete. Tsopano mwaba ndi buku lomwe?”

Ndinali nditakonzeka kuyambira dzulo. Ndinati, “Buku lanulo sindikulikonda.”

“Zikomo! Kutamanda kwa msuweni kumeneko.”

“Ndikunena zoona. Mulibe phunziro. Ziganizo zilibe malire. Masamba khumi ndi limodzi a matemba.”

“Mukanakonda a mbatata? Onani, anthuni, nsanje ya mphunzitsi!”

Wodi inaseka, iyenso anaseka. Ndinaona kuti ndikhoza kunena mpaka mawa, iye adzangomva chisuweni. Zaka makumi atatu takhala tikunyozana, ndipo lero chipongwe chenicheni chinalibe polowera. Mphindi zanga zinali kutha.

Ndiye ndinati, “Sindikulankhula ndi msuweni wanga. Ndikulankhula ndi malume a Lilian.”

Dzina limenelo ndinamuitanapo kamodzi kokha, Lilian atakomoka ndi malungo. Anasiya kuseka. Anavula chipewa, nakhala pansi pafumbi, kuseri kwa miyala.

“Ndamva, bambo a Lilian. Nenani.”

Ndinanena zonse, ndi za inki yofiira zomwe. Ndinanenanso chimene ndikuopa: m'komiti muli ansembe awiri, ndipo mkazi wosiya banja osalangidwa akhoza kuligwetsa buku lonse. Ndinati ndingathe kukonza mutu womaliza, Dalesi abwerere akalape, masamba atatu okha, ndipo lingadutse.

Anazunguza chipewa m'manja. “Amayi anga aang'ono a Sabina, azakhali anu aja. Anabwerera?”

Kwathu dzina limenelo silinkatchulidwa. Ndinali nditawazindikira pa tsamba lachitatu, koma sindinafune kudziwa kuti ndawazindikira.

“Sanabwerere,” ndinatero.

“Anafa ndi mavuto?”

“Anafa onenepa.”

“Ndiye ngati akana, akane langa. Asavomere lanu.” Mawu ake anasintha. “Koma ngati ndi loipa chonchi, mukulavuliranji magazi?”

Ndinati, “Tengani cholembera. Zatsala mphindi makumi anayi.”

Amalemba msanga kuposa mlongo wake, ndipo nthawi zina amamaliza chiganizo ndisanachimalize. Tsamba 70. Pochoka sananene nthabwala. Sindikudziwa ngati adzanenanso.

Lachiwiri, 29 Juni

Dzulo 84, lero 97. Kutentha 100.5. Khutu lakumanzere likumva pang'ono. A Willard akuti ndi jakisoni.

Ana a Che Uladi abwera ndi machira kudzawatenga. A Sisitere anakana, anakalipa, kenaka anawapatsa ufa wa PAS wa masabata awiri. Che Uladi akuti akufuna akamwalira akasambitsidwe ndi anthu awo. Sakutha kukhala tsonga.

Mathero a buku sanawamve. Ndinati ndiwauze mwachidule.

“Iyayi, sungani mpweya. Ndikudziwa sabwerera.” Anandigwira dzanja, lawo linali lotentha. “Koma aphunzitsi, mukamubweza ndidzamva. Ngakhale ndili pansi, ndidzamva.”

Bulangete lawo lapita kukawiritsidwa. Pepala analibe.

Lachinayi, 1 Julayi

Dzulo 110, lero 121. Adokotala akuti phapo silinaipe, silinakonzeke. Andikalipira chifukwa cha mawu osasa. Mapaundi 115. Chala cha Modester chatuluka thuza, wamanga kansanza.

Mawa mutu womaliza. M'wodi muno palibe anaumvapo. Modester saudziwa. Bizwick ali pantchito, ndipo phukusi lidzamupeza losokedwa kale. Mathero anga aja ndinawakonza m'mutu, chiganizo ndi chiganizo, ndipo ndi abwino. Ndikhulupirira ndithu kuti ndi abwino kuposa ake.

Lachisanu, 2 Julayi

100.0.

Ndawerenga monga analembera. Dalesi wakalamba, ali pathandala. Munthu abwera kudzamuuza kuti mwamuna wake woyamba uja wamwalira. Iye atembenuza nsomba, nati moto wachuluka. Buku lithera pomwepo, ngati munthu amene waitanidwa ali pakati pa nkhani.

Modester analira mpaka kudontheza patsamba. Awiri m'wodi anapukuta m'maso. A Elliam anati, “Mwaona, wafa mmodzi, koma kutali.” Ine sindinamve kalikonse koma kuuma kwa kukhosi.

Masana lipoti. Nalonso linayenera kulumpha miyala, tsono ndalinena mokweza, wodi yonse ikumva, mlongo wa wolemba akulemba:

“Wolemba buku ili ndi mlamu wanga. Ndinazindikira tsiku loyamba ndipo ndinayenera kukuuzani. Makope enieni ali m'wodi ya achifuwa ndipo sangatuluke. Ndinawachonganso ndi inki, chimene munaletsa. Awa ndi okopera liwu ndi liwu, osakonza. Ine bukuli sindinalikonde. Ndaliwerenga katatu, komaliza mokweza, ndipo sindikulikondabe: lilibe phunziro, chilankhulo n'chosakanizika, mathero sakumanga kanthu. Ndaliwerengera amuna khumi ndi mmodzi odwala kwambiri. Asanu ndi anayi ankaiwala kukhosomola. Mmodzi ankagona. Mmodzi amafuna mfuti. Msodzi wina wosadziwa kuwerenga anandigwira nditasintha chiganizo chimene anachimva kamodzi, patapita masiku khumi ndi awiri. Pa mabuku onse amene ndimakonda sindikudziwa limene lingachite zimenezo kwa iye. Funso lanu likuti, Kodi lisindikizidwe? Silikuti, Kodi mwalikonda? Inde, lisindikizidwe.”

Modester anaumitsa inki, nandiyang'ana. “Pamene mwati simunalikonde, ndisiye momwemo, ndisafufute?”

“Musiye.”

“Ndasiya kale. Ndimafuna ndimve ngati muchedwenso kuyankha.”

Loweruka, 3 Julayi

99.6. Phukusi lasokedwa m'kathumba ka ufa, lapita ku Balaka ndi galimoto ya mishoni. A Willard afunsa ngati atenge makope akale. Ndakana. Sitima imatha kugwa, phukusi limatha kunyowa. Akhale pansi pa mtsamiro mpaka ndimve.

Lolemba, 9 Ogasiti

98.8, sabata yachitatu osapitirira 99. Mapaundi 120. Jakisoni wa 16. Khutu lakumanzere silinabwerere. Za Che Uladi tinamva mwezi watha: anafika kwawo, anakhala masiku asanu.

Kalata ya komiti yafika. Modester waiwerenga ali kumiyala kuti isalowe muno. Atatu avomera, awiri akana. Lisindikizidwa chaka chamawa, mathero omwewo. Za ine akuti athokoza chifukwa chonena zoona, koma poti ndinabisa chibale ndi kuchonga makope a eni, sadzanditumiziranso buku. Pansi wapampando wawonjezera ndi dzanja lake: “Inenso sindinalikonde. Koma wotayipa wathu anaiwala kupita kukadya.”

Ndamuuza abwereze chiganizo cha “sadzanditumiziranso”. Chinali chomwecho.

Bizwick anabwera naye. Anaima nthawi yaitali chipewa chili m'manja. Kenaka anachivala.

“Alamu, mwanenepa. Ndiye nsapato zija ndizipata liti?”

Masana ndapereka makope atatu kwa a Willard. Ndinaonera pawindo lakuseri. Inki yofiira ndi yakuda zimatulutsa utsi umodzimodzi.

Pabedi la Che Uladi pabwera bambo wa ku Ngokwe, mlimi wa thonje, wamantha ngati mmene ndinalili ine. Anzake amuuza za Dalesi, ndipo wandipempha ndimuwerengere. Ndamuuza kuti buku lapsa lero. Anati, “Ndiye mungondiuza poyambira pake.”

Ndinayamba kuti ndimuuze mwachidule. Ndinazindikira ndili pa tsamba lachisanu ndi chinayi, liwu ndi liwu, ndi Chiyao chomwe, ndi chiganizo chopanda mpumiro chija. Lonse lili m'mutu mwanga, ndipo mgolo wa m'menemo kulibe.

Anandifunsa ngati ndi buku labwino. Ndinati ine sindilikonda.

“Chabwino,” anatero. “Pitirizani.”